Nkhani ya zithunzi ingakambe za chabwino ndi choipa osasanduka ulaliki?

Funso lachokera kwa mnyamata amene amajambula nkhani za zithunzi, zimene ambiri timazitchula kuti makomiki. Iye walemba kuti: "Ndajambula nkhani ya masamba 20. Mtsikana wa Fomu 3 watulukira kuti mchimwene wake, amene amagwira ntchito mosungira mankhwala pachipatala, amaba mankhwala n'kumagulitsa, ndipo ndalama zake ndi zimene zimamulipirira fizi. Patsamba lomaliza mphunzitsi akumufotokozera mtsikanayo chifukwa chake kuba n'koipa. Anzanga awerenga ndipo akuti ikumveka ngati ulaliki. Kodi olemba makomiki otchuka amatha bwanji kukamba nkhani zozama za chabwino ndi choipa popanda kulalikira?"

Achimwene, anzanuwo akuuzani zoona ndipo muwathokoze. Koma musataye nkhaniyo, chifukwa maziko ake ndi abwino kwambiri. Mwaika mtsikana pamalo poti chilichonse chimene angasankhe chimupweteka. Akaulula, mchimwene wake amangidwa ndipo iye sukulu yathera pomwepo. Akakhala chete, odwala ena abwerera kwawo opanda mankhwala. Chimene chalakwika ndi tsamba lomalizalo basi. Kwa masamba 19 mwamusenzetsa wowerenga katundu wolemera, kenako mwabweretsa mphunzitsi kudzamutula katunduyo n'kumuuza kuti yankho linali lapafupi. Wowerenga amamva ngati mwamupeputsa.

Vutoli si lanu nokha, ndipo ku America linafika mpaka polembedwa ngati lamulo. M'chaka cha 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku lonena kuti makomiki akuwononga ana, ndipo chaka chomwecho komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate inaitanitsa anthu kudzafunsa za nkhaniyi. Osindikiza mabuku anachita mantha n'kudziikira okha malamulo otchedwa Comics Code. Limodzi mwa malamulowo linkati nthawi zonse chabwino chizigonjetsa choipa ndipo wolakwa azilangidwa. Zotsatira zake zinali zaka zambiri za nkhani zimene mwana wa zaka khumi ankadziwa mathero ake asanatsegule tsamba loyamba. Ngati wolakwa alangidwa ndithu, palibenso choti wowerenga aganize. Mwa makampani akuluakulu a makomiki, Marvel inasiya kutsatira malamulowa mu 2001, DC mu 2011, ngakhale kuti mphamvu yake inali itayamba kale kuchepa.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kusiyana kwa kulalikira ndi kufotokoza nkhani ndi cha anthu awiri ojambulidwa amene ndi ofanana ngati pachibale. Steve Ditko, amene anapanga Spider-Man pamodzi ndi Stan Lee mu 1962, ankakhulupirira kwambiri ziphunzitso za wolemba mabuku wina wa ku America, Ayn Rand. Mu 1967 anajambula munthu wotchedwa Mr. A, wovala zoyera, amene chizindikiro chake ndi kakhadi ka mbali yoyera ndi mbali yakuda, kutanthauza kuti pali chabwino ndi choipa basi, pakati palibepo. Ditko anali katswiri wa cholembera, koma m'nkhani za Mr. A mawu amadzaza timabokosi mpaka zithunzi kusowa popumira. Mr. A amalankhula, oipa amayankha zopanda nzeru, iye n'kupambana. Palibe pamene chikhulupiriro chake chimamuvulaza iye mwini.

Patapita zaka pafupifupi 20, Alan Moore ndi Dave Gibbons anatenga munthu wamtundu womwewo n'kumuika mu Watchmen, imene inatuluka m'zigawo 12 mu 1986 ndi 1987. Dzina lake ndi Rorschach. Nayenso sagonja, nayenso amaona zoyera ndi zakuda zokha. Koma pano timamuona pafupi: amadya nyemba zozizira m'chitini, sasamba, amathyola zala za anthu m'mabala pofuna kuwafunsa mafunso, ndipo ubwana wake unali wa nkhanza. Mbali inayo kuli Adrian Veidt, munthu wanzeru, wolemera, waulemu, amene waona kuti America ndi Soviet Union atsala pang'ono kuponyerana mabomba a nyukiliya. Iye akonza chiwembu choti aphe anthu mamiliyoni mumzinda wa New York m'njira yooneka ngati adani ochokera kunja kwa dziko lapansi, kuti mayiko awiriwo agwirizane. Ndipo chiwembucho chitheka. Nkhondo iima.

Anthu a filosofi akhala akukangana za funso limeneli kwa zaka zoposa 200. Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill ankati chochita chiyezedwe ndi zotsatira zake, ndipo chabwino ndi chimene chabweretsa ubwino wochuluka kwa anthu ochuluka. Immanuel Kant ankati pali zinthu zimene munthu sayenera kuchita ngakhale phindu lake litakula bwanji, ndipo munthu mnzako sungamusandutse chida chongogwiritsa ntchito. Veidt waima mbali ya zotsatira, ndipo Rorschach waima mbali ya lamulo losapindika, ngakhale kuti Kant sakanavomereza nkhanza zake. Koma pamene awiriwa akumana, palibe amene aima n'kuyamba kuphunzitsa za Bentham kapena Kant. Chimene Moore ndi Gibbons anachita n'chakuti maganizo olondola kwambiri anawaika m'kamwa mwa munthu wonyansa, ndipo maganizo oopsa kwambiri anawaika m'kamwa mwa munthu wosiririka. Wowerenga sangathe kungotsatira amene wamukonda. Ayenera kuganiza yekha.

Taonani mmene anakonzera mtengo wa chiwembucho. Pafupifupi buku lonse masamba ake anawagawa potsatira timabokosi 9, titatu m'mizere itatu. M'zigawo zambiri timabwererabwerera pa mphambano ina ya mu New York pamene pali bambo wogulitsa nyuzipepala, wolongolola, ndi mnyamata amene amakhala pambali pake kumawerenga komiki ya achifwamba a panyanja osagula. Anthu awiriwa alibe gawo lililonse pa nkhani yaikulu. Timangowazolowera. Kumapeto kwa chigawo cha 11, kuwala koyera kukubwera, bamboyo akumukumbatira mnyamatayo kuti amuteteze, ndipo awiriwo azimiririka. Kenako chigawo cha 12 chikutsegula ndi masamba 6, tsamba lililonse chithunzi chimodzi chachikulu, mitembo yokhayokha, popanda wofotokoza. Veidt akamadzanena kuti wapulumutsa dziko, masamu ake angakhale olondola, koma ife tawaona anthu amene alowa m'masamuwo, ndipo tikuwadziwa nkhope.

Musaganize kuti kusalalikira ndiye kusakhala ndi maganizo. Ine ndimaona kuti Watchmen imamutsutsa Veidt, ndipo imatero kudzera mu komiki ija mnyamata ankawerenga, ya munthu amene pofuna kupulumutsa banja lake anachita zoopsa mpaka iye mwini kusanduka chimene ankachiopa. Wolemba ali ndi mbali yake, koma waiika pamalo poti wowerenga aipeze yekha. Njira imeneyi ili ndi ngozi yake. Moore wanenapo kuti Rorschach anamulemba ngati chitsanzo choipa, koma anadabwa kukumana ndi owerenga ambiri omutenga ngati ngwazi yawo. Mukamupatsa wowerenga ufulu woweruza, ena aweruza mosiyana ndi inu. Ine ndimati mtengo umenewu ndi woyenera kulipira, chifukwa amene wafika yekha pa chigamulo amachisunga nthawi yaitali kuposa amene wangouzidwa.

Tsopano pali chida chimene makomiki ali nacho chimene buku la mawu okhaokha lilibe, ndipo inu monga wojambula muyenera kuchidziwa bwino. Scott McCloud anachifotokoza m'buku lake la Understanding Comics mu 1993. Anajambula timabokosi tiwiri. Koyamba munthu wakweza nkhwangwa kumbuyo kwa mnzake. Kachiwiri tikungoona mzinda usiku ndi kukuwa. Nkhwangwa ikutsika sitinaione. Amene waitsitsa ndi wowerenga, m'mutu mwake, pa kampata koyera ka pakati pa timabokosi tiwirito. McCloud ankati wowerenga ndi mnzake wa wojambula pa mlanduwo. Izi zikutanthauza kuti chinthu cholemera kwambiri m'nkhani yanu mungathe kusachijambula, ndipo chidzalemera kwambiri chifukwa wowerenga wachipanga ndi maganizo ake.

Chida chachiwiri n'chakuti mawu ndi chithunzi zingathe kutsutsana m'kabokosi kamodzi. Amene anachigwiritsa ntchito mwaluso kwambiri ndi Art Spiegelman mu Maus, nkhani ya bambo ake, Vladek, Myuda wa ku Poland amene anapulumuka ku Auschwitz, msasa umene a Nazi a ku Germany ankapherako Ayuda. Gawo loyamba linatuluka mu 1986, lachiwiri mu 1991, ndipo mu 1992 bukuli linalandira mphoto yapadera ya Pulitzer. Ayuda anawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, anthu a ku Poland ngati nkhumba. M'gawo lachiwiri muli tsamba limene Spiegelman wadzijambula yekha atakhala pa tebulo lake lojambulira, atavala chigoba cha mbewa kumaso. Mawu ake akunena za kuyenda bwino kwa gawo loyamba, kuti likumasuliridwa m'zinenero zina ndipo ena akufuna kupanga filimu. Koma diso likatsika m'munsi mwa tsamba, tebulolo laima pamwamba pa mulu wa mitembo, ntchentche zikuuluka. Funso loti kodi n'koyenera kutchuka ndi kupeza ndalama pofotokoza imfa za anthu 6 miliyoni lafunsidwa pamenepo, ndipo palibe chiganizo chimene chikulifunsa.

Maus ikanatha kukhala ulaliki mosavuta, pakuti ndani angatsutse kuti zimene a Nazi anachita zinali zoipa? Chimene chinaipulumutsa n'chakuti Spiegelman anakana kuwasandutsa bambo ake woyera mtima. Vladek wokalamba ndi woumira, wovuta kukhala naye, amatola tizinthu mumsewu, amabweza kusitolo mabokosi a chakudya otsegula kale. Anatentha mabuku amene mkazi wake Anja, mayi ake a Art, analembamo za moyo wake, ndipo gawo loyamba limatha Art akuchoka atakwiya, akuwatchula bambo akewo kuti wakupha. Ndiye pali tsamba lina limene ine ndimaliona kuti ndi lolimba mtima kuposa onse. Akuchokera kusitolo pa galimoto, Françoise, mkazi wa Art, aimitsa galimoto kuti atenge munthu wakuda amene akupempha matola. Vladek ang'ung'udza njira yonse, maso ali pa katundu wake kuopa kuti abedwa. Munthuyo atatsika, Françoise amufunsa kuti angalankhule bwanji choncho iye amene anaona zimene tsankho linachita kwa Ayuda. Vladek sasintha, ndipo akana zoti zinthu ziwirizo n'zofanana. Tsamba litha. Mlaliki akanafuna kuti kuzunzika kumuphunzitse Vladek chifundo. Spiegelman anajambula zimene zinachitika, ndipo wowerenga atsala ndi funso lovuta kwambiri: ngati kuzunzika sikumuyeretsa munthu, nanga chifundo chathu pa ozunzika chimadalira kuti akhale abwino?

Nkhani yoyandikana kwambiri ndi yanu ndi ya ku Japan, chifukwa nayonso imayambira m'chipatala. Monster ya Naoki Urasawa inatuluka kuyambira 1994 mpaka 2001, ndipo inasonkhanitsidwa m'mabuku 18. Kenzo Tenma ndi dokotala wa opaleshoni ya ubongo ku Düsseldorf, ku Germany. Tsiku lina akuluakulu a chipatala amuuza kuti asiye wogwira ntchito wosauka wa ku Turkey n'kukachita opaleshoni woimba wotchuka. Amvera, wosaukayo amwalira, ndipo mkazi wake abwera akulira n'kumamumenya Tenma pachifuwa. Ulendo wina, mwana wowomberedwa m'mutu afika poyamba, meya wa mzinda afika pambuyo. Tenma akana lamulo la akuluakulu n'kupulumutsa mwanayo, chifukwa wafika pokhulupirira kuti moyo wa munthu aliyense ndi wofanana. Meya amwalira, ndipo Tenma atsitsidwa paudindo. Wolemba wolalikira akanaimira pomwepa. Urasawa ndi pamene akuyambira, chifukwa mwana uja, Johan, akula n'kukhala wakupha anthu ambiri. Mabuku otsalawo ndi ulendo wa dokotala amene wanyamula mfuti kufunafuna munthu amene iye anamupulumutsa. Chikhulupiriro chake chikuyesedwa ndi chinthu choipitsitsa chimene chingachitike, ndipo n'chifukwa chake timachilemekeza akachigwiritsitsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mfumu yabwino pabwalo sigamula isanamve mbali zonse, ndipo amene waluza mlandu amavomera mosavuta ngati anapatsidwa mpata wonena zonse zimene anali nazo. Mchimwene wa mtsikana wanu munamupatsa mpata umenewo? Ngati m'nkhani yanu ndi wakuba chabe, woledzera, wamwano, ndiye kuti mwagamula mlandu musanaumve. Mupatseni mawu amphamvu kwambiri amene munthu wotero anganene. Anene za malipiro amene satha mwezi. Anene kuti akuluakulu ake amatulutsa makatoni pamene iye amatulutsa timabotolo. Anene kuti mchemwali wakeyo akadzakhala namwino adzapulumutsa anthu ambiri kuposa amene avutika lero. Inu mwini mukalemba mawu amenewa n'kumva kuti akuvutani kuyankha, mwafika poyenera.

Mwina mufunsa kuti kodi ndiye kuti munthu wa m'nkhani asanene konse poyera kuti ichi n'choipa. Ayi, angathe kunena. Mu Persepolis, imene Marjane Satrapi anatulutsa ku France pakati pa 2000 ndi 2003 yofotokoza kukula kwake ku Iran, muli malo amene agogo ake aakazi akumudzudzula mosabisa. Marjane anali atadzola zopakapaka kumaso akudikira chibwenzi chake mumsewu ku Tehran, ndipo ataona asilikali olondera za makhalidwe anachita mantha. Pofuna kuti asamugwire, analoza bambo wina wosalakwa amene anangokhala pafupi n'kunena kuti wamulankhula zachipongwe. Bamboyo anamutenga. Marjane anakafotokoza nkhaniyi kwa agogo ake akuseka, akuyesa kuti aseka nawo. Agogowo anakwiya kwambiri, n'kumukumbutsa za agogo ake aamuna ndi amalume ake amene anavutika m'ndende chifukwa choimira anthu osalakwa. Awa ndi mawu achindunji a chabwino ndi choipa, koma samveka ngati ulaliki. Wolakwayo ndi wolemba mwiniwake, amene wadziika yekha pa mlandu. Wodzudzulayo ndi munthu amene takhala tikumukonda kuyambira koyambirira. Ndipo mawuwo akupita kwa Marjane, osati kwa ife. Ife tangomva nawo, ndipo mwina tinaseka naye limodzi tsamba lapitalo, ndiye manyazi akewo atigwira nafenso.

Mphunzitsi wanu alibe chilichonse mwa zitatuzi. Sanalakwe, sanataye kanthu, ndipo ngakhale mwamujambula akuyang'ana mtsikana, aliyense akudziwa kuti akulankhula ndi wowerenga. Ngakhale mawu otchuka a Spider-Man onena kuti mphamvu zazikulu zimadza ndi udindo waukulu, mu komiki ya Amazing Fantasy nambala 15 ya 1962, sananenedwe ndi munthu wolangiza. Ali m'mawu a wofotokoza pa kabokosi komaliza, Peter Parker, amene ndi Spider-Man mwiniwake, atazindikira kale kuti wakuba amene anamulekerera kuti adutse ndi yemweyo amene wapha amalume ake, Ben. Phunziro linali litachitika kale m'zithunzi. Mukachotsa mawuwo nkhani siigwa, ndipo muyeso umenewu mungaugwiritse ntchito pa tsamba lililonse lanu: phimbani mawu ndi dzanja, muone ngati zithunzi zikunenabe kanthu.

Ndinene za chinthu chimodzi chimene ojambula ambiri a kwathu kuno amakumana nacho. Ntchito yolipira ya makomiki kawirikawiri imachokera ku mabungwe amene amafuna uthenga wa zaumoyo kapena wa maphunziro, ndipo amafuna kuti uthengawo uoneke poyera kuti asamveke molakwa. Zimenezo zili ndi malo ake. Kabuku kophunzitsa kamwedwe ka mankhwala kayenera kunena zinthu mosazungulira. Koma dzanja likazolowera ntchito imeneyo, limayamba kuika namwino, mfumu kapena mphunzitsi patsamba lomaliza la nkhani iliyonse, ngakhale imene palibe anaiitanitsa. Funso la kamwedwe ka mankhwala lili ndi yankho limodzi. Funso la mtsikana wanu anthu abwino angaliyankhe mosiyana, ndipo limafuna kajambulidwe kena.

Ndikanakhala inu, ndikanachotsa mphunzitsiyo n'kubwerera koyambirira. Pa tsamba 3 kapena 4 ndikanaika mayi wina wa pafupi ndi kwawo kwa mtsikanayo, mwina wogulitsa mandasi pa geti la sukulu amene amamuwonjezera limodzi akagula, wokhala ndi mwana wodwaladwala. Aonekere kangapo popanda chifukwa chachikulu, kuti wowerenga amuzolowere. Cha pakati, mtsikanayo akhale pa mzere wa kuchipatala kumbuyo kwa mayiyo, amve akuuzidwa pa windo kuti mankhwalawo atha, akagule kufamase. Jambulani dzanja la mayiyo likumasula mfundo ya chitenje, ndalama zake zosakwana. Kabokosi kotsatira kakhale risiti ya fizi m'thumba la yunifolomu ya mtsikanayo, popanda mawu aliwonse.

Mathero ake musankhe nokha, ndipo musaope kusankha. Ngati mukukhulupirira kuti ayenera kuulula, aulule, koma mutionetse desiki yake yopanda munthu teremu yotsatira, ndi mayi ake amene sakumulankhula. Ngati akhala chete, mutionetse akulandira zotsatira za mayeso, anthu akululutira, iye akudutsa pa geti pamene mayi wa mandasi uja sakhalaponso. Mukamaliza, apatseni anzanu omwewo masamba atsopanowo osawauza chimene mwasintha, kenako muwafunse mmodzimmodzi kuti iwo akanatani akanakhala mtsikanayo.